Mawu a Sarah Koenig, mkono wa Yukiko Ueno: mfundo zoti tilingalire

Tiyeni lero tilingalire za amayi awiri a maiko akutali. Woyamba ndi Mayi Sarah Koenig, mtolankhani wa ku America, wobadwa mu 1969 mumzinda wa New York. Iwowa ndi amene mu 2014 anayambitsa Serial, pulogalamu ya podcast, mtundu uja wa mapulogalamu amene munthu amamvera pa foni kapena pa kompyuta kudzera pa intaneti, pa nthawi imene wafuna yekha, osadikira ola la wailesi. Wachiwiri ndi Yukiko Ueno wa ku Japan, wobadwa mu 1982 ku Fukuoka, katswiri woponya mpira pa masewera a softball. Kwa amene sanawaonepo masewerawa, amayenda chonchi: woponya amazunguza mkono n'kutulutsa mpira chapansi, pafupi ndi ntchafu, womenya amaima mamita 13 okha kuchokera pamenepo, ndodo ili m'manja, ndipo akaumenya amathamanga kuzungulira ngodya zinayi za bwalo kuti timu yake ipeze pointi. Masewera amodzi amakhala ndi zigawo 7, ndipo zikatha matimu ali ofanana, amawonjezera zina mpaka papezeke wopambana.

Dziko lonse linawadziwa amayiwa mwadzidzidzi: Ueno m'masiku awiri okha, Mayi Koenig m'miyezi iwiri ndi theka. Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi zimene ankachita anthu asanayambe kuwawombera m'manja, ndiponso zimene anachita manjawo atakhala chete. Tonsefe tili ndi ntchito imene tinapatsidwa. Kodi timaigwira bwanji pamene palibe wotiyang'ana? Nanga ikatitchukitsa, timawakumbukira anthu amene yawakhudza?

1. Ntchito yaing'ono ya lero imasunga dzina lathu. Atamaliza maphunziro pa University of Chicago mu 1990, Mayi Koenig anayambira pa nyuzipepala yaing'ono yotuluka kamodzi pa sabata, East Hampton Star. Anakagwirako ntchito ku Moscow, kenako pa Concord Monitor, kenako pa Baltimore Sun. Ali kumeneko, mu 2001, analemba za loya wina wotchuka mumzindawo, Cristina Gutierrez, amene analandidwa chilolezo cha uloya pa nkhani ya ndalama za anthu amene ankawaimira. Inali ntchito ya tsiku ndi tsiku: kufunsa mafunso, kuwerenga mapepala a kukhothi, kulemba, kupereka kwa mkonzi, n'kumapita kunyumba. Patatha zaka 12, mayi wina dzina lake Rabia Chaudry, akufufuza za loya yemweyo, anaona dzina la Sarah Koenig pamwamba pa nkhani ija, n'kuwatumizira uthenga. Gutierrez ndi amene anaimira Adnan Syed, mnyamata amene mu 2000 khothi linamupeza wolakwa pa mlandu wopha Hae Min Lee, mtsikana wa zaka 18 amene anali naye pachibwenzi kale pa sukulu ya Woodlawn High School. Uthenga umenewo ndiwo unabala Serial. Unawapezanso ali okonzeka, pakuti kuyambira 2004 anali akukonza mapulogalamu a This American Life limodzi ndi Ira Glass, akuphunzira kudula mawu ojambulidwa, kudikira kuti munthu amalize kulankhula, ndi kuzindikira pamene nkhani yayamba kukometsedwa mopitirira choonadi. Gawo loyamba la Serial linatuluka pa 3 Okutobala 2014, iwo ali ndi zaka 45. Ndani wa ife amene sanapeputseko ntchito ya tsiku wamba? Mlembi wa mu ofesi akulemba lipoti limene akuganiza kuti palibe adzaliwerenge. Telala akusoka mpendero wa m'kati umene suoneka. Namwino akulemba m'kabuku ka wodwala usiku wa manda, tulo tili m'maso. Dzina lathu limatsalira pa zimene tagwira, ndipo sitisankha ndife ntchito imene wina adzaitole zaka zikadzapita.

2. Kugonja m'mawa si kutha kwa tsiku. Pa 20 Ogasiti 2008, pa masewera a Olympic ku Beijing, Japan inakumana ndi America mundime ya semifainolo. America ndiyo inatenga golide mu 1996, mu 2000 ndi mu 2004. Kuyambira pamene softball inalowa mu Olympic, palibe dziko lina limene linailawapo golideyo. Ueno anaponya zigawo 8 osalola pointi ngakhale imodzi. M'chigawo cha 9 zinthu zinaphwasuka, America n'kupambana 4-1. Mipira 147 inapita pamenepo. Koma malamulo a mpikisanowo ankapatsa timu yogonja mwayi wina tsiku lomwelo: kukumana ndi Australia, wopambana apite mundime yomaliza, wogonja alandire buronzi n'kulongedza. Patangopita maola ochepa, Ueno anali ataimanso pakati pa bwalo.

Taimani kaye pa chigawo cha 7 cha masewera achiwiriwa. Japan ikutsogola ndi pointi imodzi. Watsala womenya mmodzi yekha kuti atulutsidwe, masewera athe, anthu akapume. Womenyayo akuupeza mpira bwinobwino, n'kuudumphitsa mpanda. Zafanana. Mkono umene waponya kuyambira m'mawa uyenera kuyambiranso. Masewera anakoka mpaka chigawo cha 12, Japan inapambana 4-3, ndipo Ueno anaponya mipira ina 171. Tsiku lotsatira, pa 21 Ogasiti, ndime yomaliza inali yolimbana ndi America yomwe ija inawagonjetsa dzulo lake. Eri Yamada anadumphitsa mpanda ku mbali ya Japan, Crystl Bustos anabwezera ku mbali ya America. Kawiri konse othamanga a America anadzaza ngodya zonse zitatu, kungotsala kumenya kumodzi kwabwino kuti masewera atembenuke, ndipo kawiri konse Ueno anatseka chigawocho popanda pointi. Zinatha 3-1. Mipira 413 m'zigawo 28, m'masiku awiri. Ku Japan mpaka lero akangotchula nambala imeneyo, aliyense amadziwa amene akunenedwa.

Ndisanapitirire, ndichenjeze makolo ndi aphunzitsi a masewera: nkhaniyi isakhale chikwapu chokakamizira ana kudzivulaza. Mkono wa Ueno unamangidwa zaka zambiri usanafike tsikulo. Chimene ndikufuna titenge ndi maola ochepa aja a pakati pa masewera oyamba ndi achiwiri. Tonse tinakhalamo m'maola otere. Wakanidwa ntchito m'mawa, pamene masana pali malo ena oti ukafunsire. Katundu wako waonongeka pa msika, pamene kasitomala wina akudikira madzulo. Mwayambana m'nyumba kusanache, koma ana ayenera kudya ndi kupita kusukulu. Kodi timadzipatsa nthawi yaitali bwanji yolira chimene chapita, pamene chimene chatsala chikadali m'manja mwathu?

3. Pita ukaone wekha, ndipo ukanene zimene wapezazo. Oimira boma pa mlandu wa Syed anauza khothi kuti pa 13 Januwale 1999 sukulu inaweruka 2:15 masana, ndipo pofika 2:36 Hae anali ataphedwa kale pa malo oimika magalimoto a sitolo ya Best Buy. Mphindi 21 basi. Syed anauza Mayi Koenig kuti zimenezo n'zosatheka, poti nthawi yoweruka mabasi a sukulu amatsekereza njira ndipo magalimoto amathithikana. Iwo akanatha kungoulutsa mawuwo, omvera n'kugwedeza mitu kuvomereza. M'malo mwake anatenga mnzawo wa pantchito, Dana Chivvis, n'kupita ku Woodlawn. Anadikira belu, analowa m'galimoto, analola mabasi kuti atuluke, n'kuyendetsa mpaka pa sitolopo, wotchi ikuwerenga. Anapeza kuti n'zotheka, ngakhale movutikira kwambiri. Yankholi silinakomere munthu amene anali atacheza naye pa foni ya kundende maola ambirimbiri, koma analiulutsa momwemo, osalipaka mafuta.

Kenako linafika tsiku la 18 Disembala 2014, gawo la 12, lomaliza. Anthu mamiliyoni anatchera khutu kudikira dzina la wakupha. Mayi Koenig anafotokoza kuti akanakhala m'gulu la anthu ogamula mlanduwo akanamumasula Syed, chifukwa umboni unali wosakwanira kutsekera munthu moyo wake wonse. Koma ananenanso kuti sangalumbire kuti iye sanachite. Ambiri anakhumudwa, ena anadandaula kuti atayitsidwa nthawi. Ine ndimaona kuti pamenepo m'pamene anaonetsa ulemu waukulu kwa omvera awo, pakuti anakana kuwagulitsa chitsimikizo chimene iwo eni analibe. Tidzifunse tokha. Munthu akamwalira mwadzidzidzi m'dera lathu, si paja dzuwa lisanalowe dzina la womuchita chipongwe limakhala litapezeka kale? Ndalama za gulu zikasowa, si paja msungichuma amakhala ataweruzidwa m'makonde mabuku asanatsegulidwe? Mawu akuti "akuti" aphwasula mabanja, athamangitsa nkhalamba m'midzi, achotsetsa anthu ntchito. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wodekha amapita yekha kukayeza mtunda, ndipo akapeza kuti sakudziwabe, amakhala ndi mtima wonena pagulu kuti, "Sindikudziwa."

4. Nkhani imene ikutisangalatsa ife, kwa ena ndi maliro. Mfundo iyi ndi yolemera, ndipo sindifuna tiidutse mothamanga. Serial inatchuka kuposa podcast ina iliyonse ya nthawi imeneyo. Mu 2015 inalandira mphoto ya Peabody, yoyamba kuperekedwa kwa podcast, ndipo magazini ya Time inaika Mayi Koenig pa mndandanda wa anthu 100 achikoka kwambiri pa dziko. Anthu ankatsutsana za mlanduwo pa nkhomaliro, m'basi, pa intaneti. Ena anafika mpaka pokaona malo otchulidwa m'nkhanimo. Koma Hae Min Lee anali mwana wa munthu. Anabadwira ku Korea, n'kubwera ku America ndi mayi ake ndi mlongo wake. Ankakonda masewera, ankagwira ganyu akaweruka kusukulu, ndipo masana a tsiku limene anasowa amayenera kukatenga kamsuweni kake kakang'ono kusukulu. Kusafika kwake kumeneko ndiko kunadzidzimutsa a pabanja. Thupi lake linapezeka pa 9 Febuluwale 1999 m'nkhalango ya Leakin Park. Mayi Koenig anayesetsa kulankhula ndi banjali, koma silinatenge nawo mbali. Chotero kwa milungu yonseyo dziko linamva mawu a woimbidwa mlandu akulankhula, akuseka, akudandaula. Kwa a Lee kunali zii.

Pa 19 Sepitembala 2022, oimira boma atanena okha kuti panali umboni wokhudza anthu ena oganiziridwa umene sunaperekedwe kwa maloya a Syed, jaji Melissa Phinn anafafaniza chigamulo chija. Syed anatuluka atakhala m'ndende zaka 23. Mlongo wake wa Hae, Young Lee, amene ankakhala ku California, anauzidwa Lachisanu kuti mlandu ukambidwa Lolemba. Analankhula ndi khothi kudzera pa Zoom, mawu akunjenjemera, n'kunena kuti kwa iye nkhaniyi si podcast, ndi moyo weniweni. Mu Malichi 2023 khothi la apilo ku Maryland linabwezeretsa chigamulocho chifukwa banja la womwalirayo silinapatsidwe nthawi yokwanira yoti lifike. Mu Ogasiti 2024 khothi lalikulu la Maryland linagwirizana nazo. Mu Malichi 2025 jaji wina anachepetsa chilango cha Syed kuti chithere pa zaka zimene anakhala kale m'ndende. Lero ali kunja, koma mlanduwo m'mabuku a khothi ukadali pa dzina lake.

Kodi tinene kuti Mayi Koenig analakwa kuifukula nkhaniyi? Ine sindinganene choncho. Munthu wotsekeredwa pa umboni wokayikitsa nayenso ndi mwana wa munthu, ndipo mafunso amene anafunsa anali oyenera kufunsidwa. Koma mtengo wake unalipidwa ndi banja limene silinapemphe kalikonse. Paja amati walira mvula walira matope. Pano matope anagwera anthu amene mvulayo sanailire. Ndipo tisaloze chala kwa wofalitsa yekha, poti omvera ndife amene timasandutsa chisoni cha ena kukhala zocheza. Ngozi ikachitika pa msewu, zithunzi zimayenda pa WhatsApp mayi wa wovulalayo asanauzidwe. Banja la mnzathu likagwedezeka, timalikamba mokoma mpaka tiyi kuzizira. Tisanatumize, tisanafotokozere wina, bwanji tizidzifunsa kuti: mwini wake wa nkhaniyi atakhala pano, ndingaikambe ndi mawu omwewa?

5. Bwalo likatsekedwa, usaleke kukonzekera. Pamene Ueno ankaponya mipira 413 ija, ankadziwa kale kuti masewera ake achotsedwa mu Olympic. Mu Julayi 2005, ku Singapore, akuluakulu a bungwe la International Olympic Committee anavota, ndipo mavoti a softball anathera 52 kwa 52. Kunasowa voti imodzi yokha. Ku London mu 2012 kunalibe softball, ku Rio de Janeiro mu 2016 chimodzimodzi. Ueno anali ndi zaka 26 ku Beijing, pa msinkhu umene mkono umakhala pachimake, ndipo zaka zake zabwino koposa zinagwera m'nthawi imene bwalo lalikulu linali lotseka. Iye mwini wakhala akufotokoza kuti atachoka ku Beijing moto unazima mumtima, sankaonanso chifukwa choponyera. Mphunzitsi wake, a Reika Utsugi, amene anabadwira ku China n'kudzasewerera Japan, sanamukalipire kuti adzuke. Anamuuza kuti apitirize ngakhale chilakolako palibe, ndipo tsopano aziponya pobwezera zabwino kwa masewera amene anamulera.

Anapitirizadi, mu timu ya kampani mumzinda wa Takasaki, imene mu 2015 inachoka m'manja mwa Renesas n'kupita kwa Bic Camera. Anathandiza Japan kutenga chikho cha dziko lonse mu 2012 ku Whitehorse, Canada, ndi mu 2014 ku Haarlem, Netherlands, m'mabwalo ang'onoang'ono amene dziko silinkawayang'ana. Mu Ogasiti 2016 kunamveka kuti softball ibwerera pa masewera a ku Tokyo. Mu Epulo 2019, ali ndi zaka 36, mpira womenyedwa unabwerera molunjika n'kumuthyola nsagwada, mpaka anachitidwa opaleshoni. Sikunali kuvulala koyamba: ali ku sekondale anathyokapo fupa la msana pa phunziro la masewera olimbitsa thupi. Atachira, mliri wa Covid-19 unakankhira Olympic ku 2021. Zaka 13 zinakwana.

Uphungu wa a Utsugi ndimaukonda chifukwa ndi woona mtima pa za chibadwa chathu. Chilakolako chimabwera n'kupita. Palibe mphunzitsi, m'busa, mlimi kapena kholo limene limadzuka tsiku lililonse mtima ukuyaka. Tikamanga ntchito yathu pa mmene tikumvera, idzaima tsiku limene tadzuka ozizira. Koma tikakumbukira kuti pali amene anatiphunzitsa osatilipiritsa, amene anatibwereka chida choyamba, amene anatilankhulira pamene tinalibe dzina, timapeza chifukwa china choimirira. Kampani yatsekedwa? Maphunziro amene unachita alibe ntchito pakali pano? Luso lako lisachite dzimbiri. Amene anasiya mu 2009 sanali pa bwalo mu 2021.

6. Kutchuka ndi mwayi wounikira pamene palibe akuyang'ana. Mayi Koenig akanatha kumangofukula milandu yakupha chaka ndi chaka, omvera akanachuluka ndithu. Atamaliza nkhani yachiwiri, ya msilikali Bowe Bergdahl, anakakhala nthawi yoposa chaka m'makhothi a mumzinda wa Cleveland, pamodzi ndi mtolankhani wachinyamata Emmanuel Dzotsi, akujambula milandu wamba. Nkhaniyo inatuluka mu 2018, ndipo inayamba ndi mayi wina amene mwamuna anamugwiragwira m'bala, ndewu n'kubuka, mapeto ake mayiyo ndiye anatsekeredwa pa mlandu womenya wapolisi. Cholinga chinali chakuti anthu aone chilungamo cha masiku onse, cha ku dziko kumene milandu yoposa 90 pa 100 iliyonse imatha ndi kuvomera mogwirizana, osazengedwa n'komwe. Ifenso, mawu athu akayamba kumveka pa msonkhano, mu mpingo kapena pa ntchito, tidzawagwiritsa ntchito polankhulira ndani?

7. Dziwa nthawi yopereka mpira kwa wamng'ono. Pa 21 Julayi 2021, mawa lake akukwanitsa zaka 39, Ueno anaponya mpira woyamba wa masewera onse a Olympic a chaka chimenecho, ku Fukushima, dera limene linasakazidwa ndi chivomezi, madzi osefukira a m'nyanja ndi ngozi ya nyukiliya mu 2011. Mipando inali yopanda anthu chifukwa cha mliri. Anayamba mogwedezeka, analola pointi m'chigawo choyamba, kenako anakhazikika, Japan n'kugonjetsa Australia 8-1. Pa 27 Julayi, ku Yokohama, ndime yomaliza inali ya America kachiwiri, ndipo ku mbali inayo kunali Cat Osterman ndi Monica Abbott, amenenso anadikira zaka 13 zomwezo ndi bala la ku Beijing mumtima.

Japan inatsogola 2-0. M'chigawo cha 6 womenya woyamba wa America anamenya bwino n'kufika pa ngodya yoyamba. A Utsugi, amene tsopano anali mphunzitsi wa timu ya dziko, anamuchotsa Ueno n'kulowetsa Miu Goto, mtsikana wamanzere wa zaka 20, wobadwa mu 2001, chaka chimene Ueno anayamba kusewera mu ligi ya makampani. Taganizani: wadikira zaka 13, golide watsala zigawo ziwiri, dzina lako ndilo lili pakamwa pa dziko lonse, ndipo ukuuzidwa kuti upereke mpira kwa mwana amene anali khanda iwe ukuyamba ntchito. Ueno anapereka n'kukakhala pa benchi. Zinthu zinafika povuta ndithu: othamanga awiri pa ngodya, Amanda Chidester wa America n'kuumenya mpira mwamphamvu. Mpirawo unagunda mkono wa Yu Yamamoto wa Japan n'kunjanja cham'mbali, mnzake Mana Atsumi anauwakha usanagwe pansi, n'kuuponya msanga pa ngodya yachiwiri. Awiri anatuluka nthawi imodzi, chigawo chinatha. Malamulo a softball amalola woyamba masewera kubwereranso kamodzi, choncho m'chigawo cha 7 Goto nayenso anabweza mpira kwa mkulu wake. Ueno anatulutsa omenya atatu motsatizana, kenako iye ndi a Utsugi anakumbatirana akulira.

Golide ameneyo anadutsa m'manja ambiri: a wamkulu amene anavomera kutsika, a wamng'ono amene sanaope kukwera ndipo sanakakamire pamene anauzidwa kubweza, ndi a Atsumi amene anali tcheru pa mpira umene sunali kupita kwa iye. Ifeyo zimativuta bwanji! Tcheyamani wa komiti amene wakhalapo zaka makumi awiri, wotsogolera kwaya amene salola wina kuyambitsa nyimbo, bambo amene sauza ana ake mmene bizinesi imayendera mpaka matenda atamugoneka: kodi timaopa kuti tikapereka tidzaiwalika? Nawonso achinyamata adzifunse ngati, atapatsidwa mpata, amatha kuugwira modzichepetsa n'kumverabe akulu amene anawatsegulira njira. Mayi Koenig sanayambe Serial okha. Anaiyambitsa ndi Julie Snyder, ndipo mu 2024, pa nkhani yachinayi yonena za ndende ya Guantánamo, Dana Chivvis uja anali nawo m'galimoto ku Woodlawn anakhala wofalitsa mnzawo, mawu ake akumveka mofanana ndi awo.

Ku Paris mu 2024 softball inachotsedwanso. Mu Julayi chaka chomwecho, ku Italy, Japan inakumananso ndi America mundime yomaliza ya chikho cha dziko lonse n'kupambana. Ulendo uno Goto ndiye anayamba, ndipo Ueno, atatsala masiku owerengeka kuti akwanitse zaka 42, ndiye analowa pambuyo kudzamuthandiza kumaliza. Softball idzabwerera mu Olympic mu 2028, masewera ake adzachitikira ku Oklahoma City, ndipo Goto adzakhala ndi zaka 27.